Mizere Yofiira Pansi pa Maso a French Bulldog

Aliyense amene anaonapo kagalu kotchedwa French Bulldog, kaya m'misewu ya ku London, kaya m'nyumba za ku Johannesburg ndi Cape Town kumene abale athu ambiri amagwira ntchito napatsidwanso udindo wosamalira ziweto za mabwana awo, adzakumbukira makutu ake oimirira, nkhope yake yophwatalala ndi maso ake aakulu otuzuka. Ndipo ngati kagaluko kanali ka ubweya woyera kapena wotuwira, adzakumbukiranso mizere iwiri yamtundu wa dzimbiri, yochokera m'ngodya ya diso nitsikira m'makwinya a pamphuno. Eni agalu ambiri amaida mizere imeneyi chifukwa imanyansitsa nkhope, nataya ndalama zawo pa mankhwala oiyeretsera. Koma ine ndiyesa kuti funso loyenera munthu wanzeru si lakuti mzerewu ndiufafaniza bwanji, koma lakuti misozi imene imasiya mizereyi ikutayikiranji pamasaya, pomwe Mlengi anaikonzera njira yake.

Chiyambi cha vutoli chili m'mbiri ya mtundu wa galuyo. Pakati pa zaka za m'ma 1800, makina atayamba kulanda ntchito amisiri oluka nsalu za lesi a mumzinda wa Nottingham ku England, ambiri a iwo anaoloka nyanja kukakhala kumpoto kwa France, natenga tiagalu tawo tating'ono ta mtundu wa bulldog. Kumeneko tiagaluto tinakweranitsidwa ndi agalu ena, tinakondedwa kwambiri mumzinda wa Paris, ndipo posapita nthawi tinatchuka kufikira ku America, kumene bungwe la American Kennel Club linavomereza mtunduwu m'chaka cha 1898. Kutchuka kwake kunakulirakulira, kotero kuti mu 2022 unaposa agalu onse olembedwa m'kaundula wa bungwelo, nuchotsa pampando Labrador Retriever amene anakhalapo zaka 31 zotsatizana. M'mibadwo yonseyi oweta anasankha ana a mphuno yaifupi koposa, pakuti ndiwo anali kukopa ogula. Chibade chinafupika, koma khungu ndi minofu sizinachepe molingana nacho, ndipo zinapindikapindika. Mabowo okhalamo maso anakhala osaya, maso natuzukira kunja. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: amene anafuna nkhope yophwatalala analandiranso misozi yake.

Misozi ya galu wabwinobwino imatuluka usana ndi usiku kunyowetsa diso ndi kulitsuka, ndipo ikatha ntchito yake imalowa m'timabowo tiwiri tating'onoting'ono ta m'ngodya ya diso yoyandikana ndi mphuno, nitsikira m'kanjira kopita m'mphuno, osaoneka ndi munthu aliyense. Mwa French Bulldog kanjira kameneka kawirikawiri kamakhala kokhota kapena kopanikizika, ndipo chikope cha m'munsi sichigwira bwino misozi pa diso lotuzuka chotero. Tsono misoziyo, posowa kolowera, imasefukira pamasaya. M'misozimo muli zinthu zotchedwa porphyrin, zimene thupi limapanga pokonza ndi pophwanya maselo ofiira a magazi, ndipo limazitaya m'ndowe, mumkodzo, m'malovu ndi m'misozi. Zimenezi ndizo zimadetsa ubweya, ndipo kuwala kwa dzuwa kumazidetsa koposa. Ndicho chifukwa chake galu wonyambita kwambiri mapazi ake amakhalanso ndi mapazi ofiirira, ndiponso galu wakuda, ngakhale alire chimodzimodzi ndi mnzake woyera, mwini wake sazindikira kanthu kufikira atakhudza ndi chala napeza tsaya lili chinyezi.

Nkhaniyi ifanana ndi mpopi wodontha umene wasiya banga la dzimbiri pasimenti: ungakweche simentiyo m'mawa uliwonse kufikira manja atatupa, koma bangalo lidzabweranso, pokhapokha mmisiri atakonza mpopiwo. Ndipo zodonthetsa misozi n'zambiri, zina zopepuka, zina zoopsa. Pali fumbi, utsi wa fodya ndi wa moto, mafuta onunkhira opopera m'nyumba, ndi zinthu zimene thupi la galuyo limadana nazo, monga mungu wa maluwa kapena zakudya zina. Pali chikope chopindikira m'kati, chimene chimachititsa kuti ubweya uzikhula diso nthawi iliyonse galu akaphethira. Pali nsidze zomera pamalo posayenera. Palinso khwinya lalikulu la pamphuno limene ubweya wake umafika m'diso. Agalu a mtundu uwu amavutikanso ndi nthenda imene madokotala amati cherry eye, pamene kanyama kotulutsa misozi ka m'chikope chachitatu kamatuluka m'malo mwake nikaoneka ngati kachotupa kofiira m'ngodya ya diso. Kale kanyamaka ankangokadula. Masiku ano madokotala amakabwezera m'malo mwake ndi kukasoka, pakuti anaona kuti agalu ambiri odulidwa ankadzauma maso pambuyo pake.

Koma choopsa koposa zonse ndi chilonda cha pagalasi la diso, chimene diso lotuzuka limachipeza mosavuta, ngakhale pa kamtengo ka m'munda kapena chikhadabo cha mphaka. Galu wotere amatsinzina diso limodzi, amathawa kuwala, amadzikanda ndi phazi kapena kukhula nkhope yake pamphasa, ndipo disolo limafiira kapena kuchita chifunga. Nthawi zina m'malo mwa misozi yoyera mumatuluka manthongo achikasu kapena obiriwira. Apa palibe za mawa. Chilonda chotere chikhoza kuzama m'masiku owerengeka mpaka diso kuboola, ndipo munthu amene atenga mankhwala a maso otsala a m'nyumba nawadonthezamo angathe kuchititsa khungu galu wake, popeza mankhwala ena okhala ndi steroid amakulitsa chilondacho. Dokotala wa ziweto ali ndi njira yosavuta yodziwira zoona: amadontheza m'diso utoto wotchedwa fluorescein, umene umamatirira pachilonda nuoneka wobiriwira, ndipo utoto womwewo ukaonekera m'mphuno patapita mphindi zingapo, amadziwa kuti kanjira ka misozi n'kotseguka. Akaona kuti katsekeka, angathe kukatsuka ndi madzi apadera galuyo atamgoneka ndi mankhwala.

Dokotala akatsimikiza kuti diso lili bwino, ndipo kuti misoziyo ikungochokera m'kapangidwe ka nkhope, ntchito yotsalayo ndi ya mwini kapena wosamalira, ndipo ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Sambani m'manja, khalani pansi ndi galuyo pamalo owala, mumgwire chibwano mofatsa ndi kumlankhula, pakuti galu woopsezedwa lero sadzalola mawa. Tengani thonje loyera, muliviike m'madzi owiritsa amene azirala, kapena m'madzi amchere otsukira maso ogulidwa ku famase, mulifinye pang'ono, ndi kupukuta kuchokera m'ngodya ya diso kutsikira pansi, osabwerera kumtunda. Diso lililonse likhale ndi thonje lakelake, kuti matenda a diso lino asaolokere ku linzake. Manthongo ouma musawakokere: ikani thonje lonyowa pamenepo kanthawi, adzafewa okha. Kenaka tsegulani khwinya la pamphuno ndi chala chachikulu, mupukute m'kati mwake mpaka pansi penipeni.

Tsono pakubwera chinthu chimene ambiri amachiiwala, chimene kwa ine ndicho chachikulu pa zonse, ndicho kuumitsa. Khwinya lonyowa ndi lofunda ndi malo amene mabakiteriya ndi yisiti yotchedwa Malassezia zimaswana mwamsanga. Khungu limafiira, limayabwa, limasupuka, banga limasanduka lakuda kwambiri, ndipo pamatuluka fungo lowawasa limene munthu amalimva galuyo asanafike pafupi. Ofufuza a ku Royal Veterinary College ku London analengeza mu 2021 kuti matenda a m'makwinya a khungu amagwira French Bulldog kochuluka kwambiri kuposa agalu a mitundu ina. Wotsuka khwinya nalisiya lonyowa wachita theka la ntchito, ndipo mwina wawonjezera vuto. Pukutani ndi kansalu kofewa kouma kufikira chala chisamvenso chinyezi, kamodzi kapena kawiri pa tsiku.

Ubweya umene unadetsedwa kale sudzayera ndi kupukuta kwa tsiku limodzi. Udzathothoka pang'onopang'ono, wina woyera numera m'malo mwake patapita milungu ingapo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusadekha ndiko kumatumiza anthu ku zinthu zoopsa. Hydrogen peroxide, mankhwala oyeretsera zovala, viniga, madzi a mandimu, sopo ndi sipiriti zisafike pafupi ndi diso, pakuti dontho limodzi lingapsereze galasi lake. Palinso maufa ogulitsidwa othira m'chakudya, olonjeza nkhope yoyera. Mu 2014 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la boma la America, la Food and Drug Administration, linachenjeza makampani angapo opanga zinthu zotere chifukwa munali tylosin, mankhwala opha mabakiteriya amene sanavomerezedwe kugwiritsidwa ntchito motero pa agalu ndi amphaka. Kumwetsa chiweto chosadwala mankhwala a mtundu uwu miyezi ndi miyezi, pofuna kukongola kokha, ndiko kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala amene tidzawafuna tsiku la matenda enieni.

Zopewera zina n'zodziwikiratu: mbale za galuyo zikhale zachitsulo chosachita dzimbiri, zotsukidwa tsiku lililonse, popeza pulasitiki yokandika imasunga litsiro, pogona pake pachapidwe, asakhale mu utsi kapena kutulutsa mutu pawindo la galimoto yoyenda. Ena amalimbikira zoti galu azimwa madzi osefedwa okhaokha. Sizipweteka, koma umboni wake ngwochepa, ndipo sizingawongole chikope chopindika.

Kupewa kwenikweni kuli m'manja mwa oweta ndi ogula. Dziko la Netherlands linayamba mu 2019 kukhwimitsa lamulo loletsa kubereketsa agalu a mphuno yaifupi mopitirira muyeso, ndipo ine ndiona kuti linachita bwino. Inu amene mukulingalira zogula kagalu ka mtundu uwu, pemphani kuona make, muyang'ane maso ake ndi makwinya ake, mumvetsere kapumidwe kake, ndipo musankhe mwana wa mphuno yotulukako ngakhale ena amuyese wosakongola. Ndipo inu amene muli naye kale, kapena mumasamalira wa abwana anu, pukutani ndi kuumitsa tsiku ndi tsiku. Koma mukaona misozi yayamba mwadzidzidzi, kapena ikutuluka diso limodzi lokha, kapena galuyo akutsinzina, musadikire kuti kuche, pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.