Kodi Mumadziwa? Chimene Chimabowola Dzino

Chimene chimabowola dzino ndi tizilombo ta m'kamwa, monga Streptococcus mutans. Tizilomboti timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi wosungunula chikuto cholimba cha dzino. Wogulitsa pa kantemba ku Kanyama akamamwa tiyi wa shuga m'mawa, maheu masana, maswiti ali kukamwa tsiku lonse, mano ake sapuma.

Palinso zakumtundu. Ena amatengera kwa makolo chikuto chofewa kapena timipata tozama pa mano otafunira, mobisala zakudya.

Mu 2022 bungwe la WHO linati anthu pafupifupi 2 biliyoni ali ndi mano aukulu obowoka osalandira chithandizo. Kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride kumateteza kwambiri, ndipo zipatala za Matero ndi Chawama zimapima mano asanafike pozulidwa.