Ndani wadetsa mpeni wa amayi?

 Azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi munauyang'anitsitsa mpeni umene amayi amadulira ndiwo? Apempheni akuonetseni, koma inu manja kumbuyo. Ngati ndi mpeni wosula, muona kuti si woyera mbee. Pena ndi wotuwa, pena wakuda, pena pali timizere ta buluu. Tawerengani, mwapeza mitundu ingati?

Kodi limeneli ndi litsiro? Ayi ndithu! Amayi amautsuka ndi sopo tsiku lililonse, koma mtunduwo suchoka. Chitsulo chenichenicho ndicho chasintha khungu.

Nanga waupaka mtundu ndani? Mudabwa mukamva. Ndi matimati, anyezi, mandimu ndi mango osapsa! Zonsezi zili ndi madzi owawasa, ena kwambiri, ena pang'ono chabe. Madziwo akakhudza chitsulo, pamwamba pake pamasintha pang'onopang'ono. Lero kadontho, mawa kamzere, mpaka mpeni wonse wada. Ndiye kuti mpeni wa kwanu sungafanane ndi wa kwa anzanu. Uliwonse uli ndi maluwa ake, malinga ndi zimene wakhala ukudula. Si zodabwitsa zimenezi?

Kodi kuda kumeneku ndi dzimbiri lomwe lija? Tiyeni tiganize za khasu loiwalika m'munda wa mtedza nthawi ya dzinja. Mvula yalinyowetsa, mphepo yaliwomba. Pakapita masiku, khasu lija lafiira psuu. Limeneli ndiye dzimbiri, ndipo limabwera madzi ndi mpweya zikakumana pa chitsulo. Mukalikanda limayoyoka ngati fumbi, pansi pake n'kuyambanso lina. Limadya chitsulo mpaka kuboola. Koma khungu lakuda lija siliyoyoka. Limamatirira zolimba, ndipo limachedwetsa dzimbiri lofiira. Tinene kuti mpeni wavala chikhoto cha mvula.

Kodi munthu angathe kuuveka dala mpeni chikhoto chimenechi? Eya! Ophika ambiri m'maiko osiyanasiyana sadikira miyezi. Akagula mpeni watsopano, amayamba kuutsuka kuti mafuta onse achoke. Kenako amaupaka viniga kapena madzi a mandimu. Ena amauviika mu khofi wowirira kwambiri, ena amaubaya mu mbatata ya kachewere n'kuusiya momwemo. Ukada, amautsuka, kuupukuta mpaka uume gwa, n'kuupaka timafuta tophikira. Ena amachita kudontheza vinigayo mwaluso kuti patuluke mawangamawanga okongola.

Nanga bwanji mipeni ina ya m'sitolo imangonyezimira osada? Chitsulo chake n'chosakaniza. M'chaka cha 1913, bambo wina dzina lake Harry Brearley, wa mumzinda wa Sheffield ku England, anasakaniza chitsulo ndi chinthu china chotchedwa chromium. Anapeza kuti chitsulo chotero sichigwira dzimbiri msanga. Masipuni ambiri onyezimira ndi a mtundu umenewu. Komabe anthu ambiri amakonda mpeni wosula, chifukwa suvuta kunola. Kungoukhuza kangapo pamwala, wathwa kale!

Kodi mpeni wosula umachokera kuti? Kwa amisiri osula zitsulo. Iwo amatenga chitsulo chakale, monga sipulingi ya galimoto yakutha, n'kuchiika pamoto wa makala. Amapemerera motowo ndi mvukuto mpaka chitsulo chifiire. Kenako nyundo ija gu! gu! gu! Mpeni uja watuluka, nkhwangwa ija yatuluka. Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Makolo athu Amaravi ankasungunula miyala m'ng'anjo zadothi kuti apeze chitsulo. Tangoganizani, khasu lochokera ku mwala! Ng'anjo ina yakale idakalipo m'nkhalango ya Kasungu National Park, m'boma loyandikana ndi lathu la Mchinji.

Kodi mukufuna kudzionera nokha? Sitigwiritsa ntchito mpeni ayi. Pemphani munthu wamkulu akupatseni misomali itatu ya chitsulo wamba, osati yokhomera malata. Ikwecheni ndi mchenga mpaka iwale. Woyamba, wamkuluyo aubaye mu ndimu, ugone momwemo usiku wonse. M'mawa muuzule, muutsuke, muupukute. Ndimuyo mutaye kudzala, musadye. Wachiwiri muukulunge m'kansanza konyowa. Wachitatu muupake mafuta ophikira, nawonso muukulunge m'kansanza kena konyowa.

Ndiye muona chiyani? Yang'anani m'mawa uliwonse kwa masiku asanu, ndipo jambulani m'kope mwanu. Wa mu ndimu uja ukhala wotuwa kapena wakuda. Wa m'kansanza uyamba timadontho tofiira. Wopaka mafuta uchedwa kusintha, chifukwa mafuta salola madzi kufika pa chitsulo. Ndi tsiku lachingati limene dontho lofiira loyamba latulukira? Lembani, mukafanizire ndi anzanu kusukulu.

Tsono inu mungathandize bwanji pakhomo? Chitsulo chimadana ndi kugona chonyowa, ngakhale chitada kale. Mukaona khasu panja mvula ikubwera, lilowetseni m'nyumba. Mukaona mpeni uli m'beseni la madzi, uzani amayi kuti aupukute. Ndipo ngati kwanu kuli mmisiri wosula, pitani ndi akuluakulu mukamufunse mmene amadziwira kuti chitsulo chapsa. Mudzandiuze zimene wakuyankhani!