Nsomba yakufa ndi golide wa ku Kadoma

Munthu wakumba golide zaka zambiri ku Eiffel Flats pafupi ndi Kadoma, ku Chakari kapena cha ku Chegutu, fumbi la miyala lamudzadza m'mapapo, tsopano usiku sagona n'chifuwa. Akakajambulitsa, dokotala amayang'ana chithunzicho kuti aone ngati ndi TB kapena silicosis, nthenda ya fumbi imene inavutitsanso agogo athu ochokera ku Nyasaland. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti kompyuta nayonso iziwerenga zithunzi zotere pofufuza TB.

Komatu kompyuta siona mapapo. Imaona timadontho tambirimbiri, kalikonse ndi nambala yake, ndipo ukayesa madontho zikwizikwi, ena amaoneka odwala mwangozi chabe. Nkhaniyi inawavuta kwambiri ofufuza za ubongo. Mu 2009 Craig Bennett ndi anzake anaonetsa zimene anapeza ataika nsomba ya salmon yakufa m'makina ojambula ubongo a fMRI, n'kumaionetsa zithunzi za anthu. Masamu osakonzedwa anati ubongo wake ukugwira ntchito. Nsomba yoti yafa kalekale!

Njira yakale ya Bonferroni imathetsa zimenezi poumitsa muyezo malinga ndi kuchuluka kwa madontho, koma imawatenga ngati alendo osadziwana. Chonsecho madontho oyandikana ali ngati anthu a m'komboni imodzi: mukafunsa khumi za mphekesera, simunamve mboni khumi ayi, mwamva nkhani imodzi kakhumi. Ndiye muyezo umauma mopitirira, chizindikiro chenicheni n'kukuzembani. M'ma 1990 Keith Worsley ndi Karl Friston anabwera ndi masamu oganizira za kufanana kwa madontho oyandikanawa. Nawonso sanathetseretu mlandu. Mu 2016 Anders Eklund ndi anzake anapeza kuti mapulogalamu ena otchuka a fMRI, m'malo monamiza ka 5 pa 100, nthawi zina ankafika ka 70.

Chondisangalatsa ine n'chakuti wa ku mgodi sangadabwe nazo. Makorokoza, anthu okumba golide paokha, amadziwa kuti miyala iwiri yogumulidwa pamalo amodzi a mtsinje wa golide wapansi imanena zofanana, ndipo palibe wanzeru amene angabwereke ndalama ya kompresa chifukwa cha iwiriyo. Danie Krige anaika nzeru yomweyi m'masamu mu 1951, akuwerengera golide wa ku Witwatersrand, kumene Amalawi ambiri ankapita pa Wenela. Mpaka lero njirayo imatchedwa kriging.