Kuphunzira Ntchito Uli Kunyumba

Kuyambira kale, wophunzira wa pa yunivesite asanatsirize maphunziro ake amatumizidwa ku kampani kapena ku ofesi ya boma kuti akaione ntchito ndi maso. Ophunzira athu amati kumeneko ndi "kupita ku atachimenti." Koma m'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 udasokoneza mwambowu. Kuno kwathu sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo m'maiko ambiri maofesi adabweza antchito kumakomo. Makampani ena, monga Google, adalamula kuti ophunzira ntchito a chaka chimenecho agwirire ntchitoyo pa intaneti.

Njirayi siidabadwe ndi mliri ayi. Kuchokera mu 2005, pulogalamu ya Google Summer of Code yakhala ikulipira achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta ali kwawo, aliyense ali ndi mlangizi womuyang'anira. Ubwino wake ngwoonekeratu. Mtsikana wa ku Zomba angathe kugwira ntchito ndi akatswiri a kutsidya kwa nyanja popanda chiphaso cha ulendo, tikiti ya ndege kapena lendi ya m'tauni.

Komabe, awerengi okondedwa, walira mvula walira matope. Akatswiri a ku California akaitanitsa msonkhano 10 koloko m'mawa mwezi wa Juni, kuno imakhala 7 koloko madzulo. Magetsi akathima, kapena bandulo ikatha pakati pa zokambirana, wophunzira amaoneka ngati waulesi pamene alibe mlandu.

Chotayika chachikulu nchina. Muofesi, mwana amaphunzira zambiri zimene palibe wamuuza: m'mene wamkulu amayankhira kasitomala wokwiya, m'mene amadzudzulira mnzake mosamchititsa manyazi, ndi nkhani zimene zimatuluka pa nthawi ya tiyi. Pa Zoom zonsezi kulibe. Msonkhano ukatha, wophunzira amatsala yekha m'chipinda, ndipo ngati ali wamanyazi, angathe kulimbana masiku atatu ndi vuto limene mnzake wa pa tebulo loyandikana akadalimasula m'mphindi zisanu.

Tsono mau athu kwa ophunzira ndi awa: safunsa adadya phula. Lembani mafunso anu tsiku ndi tsiku, pemphani mlangizi kuti muzikumana pa nthawi yoikika mlungu uliwonse, ndipo mufotokozeni za vuto la magetsi lisanakugwereni. Nawonso olemba ntchito akumbukire kuti wophunzira amene sakumuona ndiye wofunika kumufunsa kawirikawiri kuti, "Kodi zikuyenda bwanji?"