Thumba la feteleza nalo ndi buku: kuthandiza ophunzira kuwerenga manambala ndi zithunzi

Mwana akhoza kuwerenga nthano mosadodoma, koma n'kuima mutu akakumana ndi galafu, tebulo kapena mapu. Komatu zinthu zimenezi sizisowa pa mayeso a bungwe la MANEB, kuyambira a PSLCE mpaka a JCE ndi MSCE, makamaka m'maphunziro a masamu, ulimi, sayansi ndi jogalafe. Kuno ku Thyolo nkhaniyi siithera m'kalasi. M'maesiteti a tiyi monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, ntchito imayendera makilogalamu, malita ndi mamilimita, ndipo amene satha kuwerenga miyeso imeneyi amangodalira zimene ena amuuza.

Nthano imawerengedwa kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, ndipo ngakhale liwu limodzi litaphonyeka, nkhani imamvekabe. Zolemba zaluso, monga malangizo a pa botolo la mankhwala, sizitero. Nambala iliyonse ili ndi ntchito yake, ndipo kadontho kamodzi kakalumphidwa, tanthauzo lonse limasintha. N'chifukwa chake wophunzira ayenera kudzifunsa mafunso anayi asanayankhe chilichonse: mutu wake ukunena za chiyani, muyeso wake ndi wotani, zizindikiro zikuimira chiyani, ndipo manambalawo akusonyeza zotani? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ubwino wake ndi woti zipangizo zophunzirira lusoli zili kale pakhomo. Choyamba ndi thumba la feteleza. Alimi ambiri amadziwa feteleza wokulitsa wolembedwa 23:21:0+4S, koma si onse amene amadziwa tanthauzo la manambalawa. Iwo amanena kuti pa makilogalamu 100 aliwonse a fetelezayo, 23 ndi nayitulojeni, 21 ndi fosifeti, potashi mulibe, ndipo 4 ndi salufa. Popeza thumba limalemera makilogalamu 50, nayitulojeni amene ali m'menemo ndi makilogalamu 11.5. Thumba la yuriya limalembedwa 46, kutanthauza kuti muli nayitulojeni wolemera makilogalamu 23. Mwana wa Sitandade 8 amene wawerengetsa yekha zimenezi wamvetsa mapelesenti, komanso wadziwa chifukwa chimene yuriya amathiridwa ngati feteleza wobereketsa.

Chachiwiri ndi pepala la pa botolo la mankhwala ophera tizilombo. Alimi a tomato ndi kabichi ku Bvumbwe amawagwiritsa ntchito kawirikawiri, ndipo nthawi zina amene amawerenga malangizo a m'Chingerezi pakhomo ndi mwana wasukulu. Ngati pepala likuti mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti sipuleya ya malita 16 imafuna mamililita 32. Kuchepetsa muyeso n'kungotaya ndalama chifukwa tizilombo sitifa, pomwe kupyoza muyeso kumawaula mbewu ndi kudwalitsa wopoperayo. Pepalalo limanenanso masiku oyenera kudutsa mbewu zisanakololedwe. Zithunzi zake nazo zimayankhula. Chibade cha mutu chokhala ndi mafupa awiri opingasa chimachenjeza za poizoni wakupha, ndipo tizithunzi ta magolovesi, nsapato zajombo ndi loko timanena zovala zoyenera ndi kasungidwe kake. Mwana awerenge pepalalo pamaso pa munthu wamkulu, koma kusakaniza ndi kupopera mankhwala si ntchito ya ana.

Chachitatu ndi galafu ya mvula, imene imapezeka kawirikawiri m'mabuku a ulimi ndi jogalafe. Mzere wogona m'munsi umasonyeza miyezi, ndipo mzere woima kumanzere umasonyeza mamilimita. Galafu ya dera la tiyi imakwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi imene tiyi amaphuka mwamphamvu ndipo othyola amatanganidwa. Mu Juni ndi Julayi imatsika, ngakhale kuti mvula yowaza ya chiperoni imaonekabe pang'ono. Msampha umene umakola ana ambiri ndi kuyerekeza magalafu awiri pongoona kutalika kwa mizati yake. Ngati galafu ina ikukwera ndi mamilimita 50 pa gawo lililonse pomwe inzake ikukwera ndi 100, mizati yofanana msinkhu siimira mvula yofanana.

Nanga milimita imodzi ya mvula ndi madzi ochuluka bwanji? Ndi lita imodzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Choncho nthambi yoona zanyengo ikalengeza kuti kugwa mvula ya mamilimita 100 pa tsiku, ndiye kuti pa kamalo kameneko pathiridwa ndowa zisanu za malita 20. Anthu a m'chigawo cha kumwera amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti uthenga wotere ukamveka msanga, banja limasamuka nthawi ikadalipo.

Chachinayi ndi mapu. Pa mapu a sikelo ya 1:50,000, masentimita awiri amaimira kilomita imodzi. Mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa malo imafanana ndi akalozera a m'munda, chifukwa mzere uliwonse umadutsa malo okwera mofanana. Ikatalikirana, malowo ndi athyathyathya. Ikathithikana, monga pa phiri la Thyolo kapena pa mtsetse wotsikira ku chigwa cha Shire, malowo ndi otsetsereka kwambiri. Wophunzira wodziwa zimenezi amatha kuloza pamene nthaka ingakokoloke ndi pamene nyumba siyenera kumangidwa.

Luso limeneli limatsegulanso zitseko za ntchito. Kalaliki wa pa sikelo, kapitawo wa m'munda ndi woyendetsa makina m'fakitale ya tiyi amagwira ntchito ndi matebulo tsiku ndi tsiku. Ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe, ku sukulu ya zaumoyo ya Malamulo ku Makwasa ndi ku yunivesite ya MUST ku Ndata, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014, palibe phunziro limene limayenda popanda magalafu. Malo onsewa ali m'boma lomwe lino.

Kholo silifunika kukhala lophunzira kwambiri kuti lithandize. Likhoza kupatsa mwana risiti ya tiyi amene lagulitsa, pepala la malipiro kapena tchati cha kusikelo cha mng'ono wake, n'kumuuza kuti afotokoze m'Chichewa kapena m'Chilomwe zimene akuona. Mwana akalephera kufotokoza m'chiyankhulo cha kwawo, ndiye kuti sanamvetse. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu angathe kusonkhanitsa matumba otha ntchito a feteleza ndi mbewu kuti akhale zipangizo za m'kalasi, koma mabotolo a mankhwala asalowe pasukulu. Nawo makomiti a chitukuko a m'midzi atengere ophunzira ku zikwangwani za ntchito zachitukuko za m'wodi mwawo, kuti akawerengere anthu mtengo wa ntchitoyo, dzina la kontilakita ndi tsiku limene ntchitoyo iyenera kutha.