Matope a ku Namitete akukwirira mazira a mpasa ku Nkhotakota

Imani pamlatho wa Namitete, pamsewu wa M12, mu Januwale mvula itangogwa kumene. Madzi amakhala ofiira ngati tiyi wamkaka wothira masamba ambiri. Ambirife timangoyang'ana n'kupitiriza ulendo wa ku Mchinji, osadzifunsa kuti dothi lonselo likupita kuti.

Likupita kutali ndithu. Mtsinje wa Namitete umachokera kumapiri a Dzalanyama n'kukathira mu Bua. Bua naye amadutsa m'malire a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, n'kulowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota asanakafike kunyanja. Kumeneko ndiye kuli nsomba ina yomwe moyo wake umadalira zimene ife akumtunda timachita m'madimba mwathu. Dzina lake ndi mpasa.

Achinyamata ambiri a kuno sanaionepo, ndipo ine ndemwe ndinayamba kuimva kwa agogo, omwe ankaitchula ndi ulemu ngati dzina la mfumu. Asayansi amaitcha Opsaridium microlepis. Imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake basi, kwina kulikonse padziko kulibe. Ndi yonyezimira, yaitali pafupifupi theka la mita ikakula bwino, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndi m'bale wake wa usipa uja timagula pamsika wa Namitete. Ubalewo sathandizana nawo ayi, poti mpasa ikakula ndiwo yake ndi usipa yemweyo. M'bale wina wapafupi kwambiri ndi sanjika, yomwe ndi yocheperapo.

Vuto la mpasa lili pa kaswanidwe kake. Siikira mazira m'nyanja. Ikakhwima imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe kukasaka malo osaya, a timiyala, pomwe madzi oyera akuyenda. Katswiri wa nsomba Denis Tweddle, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'Malawi muno, anafotokoza khalidwe limeneli m'kafukufuku wake wa 1983. Mazirawo amalowa m'mipata ya timiyala tija, ndipo amapuma mpweya umene madzi amabweretsa akamadutsa m'mipatamo. Tsono tangoganizani matope akabwera n'kutseka mipatayo. Dzira limabanika ngati mwana wofunditsidwa bulangete kumutu. Palibe amene wapha nsomba, palibe ukonde waponyedwa, koma m'badwo wonse wapita.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife a Namitete, Nsaru ndi Kabudula. Tikalima dimba mpaka khasu kugunda madzi, tikazula mabango onse kuti tipeze mzere wina wa tomato, tikakumba dothi la njerwa m'mbali mwa mtsinje, mvula yoyamba imanyamula zonsezo. Onjezanipo mitengo yomwe yathera ku makala ku Dzalanyama komanso kuzigafa za fodya. Ndipo Dzalanyama akaphweka mpasa imapwetekeka kawiri, chifukwa mtsinje wa Lilongwe umachokeranso komweko n'kukathira mu Linthipe, njira ina ya nsombayi.

Sindikunyoza mlimi wa m'dimba ayi. Fizi ya ambirife inachokera m'kabichi ndi anyezi wa m'mbali mwa mtsinje, ine ndili m'gulu lomwelo. Munthu amene chimanga chamuthera mu Novembala simungamuuze za nsomba yomwe sanaidyepo. Komatu dothi lofiira lija ndi chonde cha munda wake womwe, chimene mawa adzachigule m'thumba la feteleza pamtengo wolira nawo. Mlimi ndi mpasa akuluza chinthu chimodzi.

Kumunsi nakonso si kwabwino. Nsomba ikamakwera mtsinje imakhala yosavuta kugwira, poti zonse zimadutsa njira imodzi. Anthu amatchinga ndi maukonde pamathiriro, ena amatchera miono, ena amathira katupe m'maiwe, pomwe masikito a udzudzu amakokolola ndi tiana tomwe. Zoterezi zinachitikira kale nsomba ya ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja yathu, koma pofika m'ma 1960 inatsika moopsa chifukwa chogwidwa ili paulendo wokaswana. Lero funsani pamsika uliwonse, ambiri angokuyang'anani. Mpasa nayo ili kale pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo.

Chimene chaisunga mpaka pano ndi chigawo cha Bua chodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu pafupifupi ma sikweya kilomita 1,800. Kuyambira 2015 nkhalangoyi ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. Anthu amaidziwa chifukwa cha njovu pafupifupi 500 zomwe zinasamutsidwirako mu 2016 ndi 2017, koma alonda omwewo amatetezanso mtsinje. Kungoti mpanda wa magetsi umaletsa wopha nyama, suletsa matope. Madzi amalowa m'nkhalangomo atanyamula kale zonse za kumtunda.

Mwina mukuti, bwanji osangoziweta m'madamu ngati chambo? Ku California, m'dziko la America, anayesa njira imeneyi ndi kansomba kotchedwa delta smelt. N'kakang'ono ngati chala, kamanunkhira ngati nkhaka, ndipo kamakhala pomwe mitsinje ya Sacramento ndi San Joaquin imakumana ndi madzi amchere. Boma lawo linakaika m'gulu la zotetezedwa mu 1993. Akatswiri a yunivesite ya UC Davis amakaweta m'matanki, kusankha mosamala kuti iyi ikwatirane ndi iyi pofuna kuti mtundu usafooke. Ngakhale zili choncho, mu 2018 kalembera wamkulu wa boma wa chaka ndi chaka sanapeze ngakhale kamodzi m'madzimo. Mu Disembala 2021 anayamba kutulutsa zam'matanki kubwezera kumtsinje. Dziko la ndalama zake limenelo, koma mtsinje utaonongeka, nsomba yatsala yodalira labu.

Ifeyo tili ndi mwayi woti mpasa ikuswanabe yokha, mwaulere, malinga ipeze timiyala toyera. Ophunzira za nsomba ku Bunda ndi ofufuza a boma ku Monkey Bay angawerenge, angayeze madzi, angalembe malipoti. Koma kusiya kamzere ka mabango pakati pa dimba ndi mtsinje, kubzala vetiva m'migula, kapena kuika nsungwi pomwe gombe layamba kugumuka, zimenezo zimachitika pakhomo, nthawi zambiri mwana atakambirana ndi bambo ake madzulo.

Kwathu ndinayesa chaka chatha. Bambo anavomera kusiya mapazi asanu okha, osati khumi amene ndinapempha, ndipo anandiuza kuti nsenjere yobzalapoyo ndikagule ndi ndalama zanga.