Nyumba ya bisiketi igwa ndi mvula ku Ndirande

Nyumba zikamagwa ku Ndirande mwezi wa Disembala palibe amene amadabwa. Koma imene inagwa kwa achimwene anga usiku wa pa 21 Disembala 2024 inali ya mtundu wina. Zipupa zake zinali za fulawa, simenti yake shuga, ndipo ngakhale sinaphwanye munthu, inatsala pang'ono kukwirira mpamba wa alamu anga omwe amagulitsa masikono mu msika wa Limbe.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mayi wina, kasitomala wa tsiku ndi tsiku amene amagwira ntchito pa ofesi ina m'tauni, anafika pa benchi ya alamu ndi chithunzi pa foni. Pachithunzipo panali kanyumba kofiirira, denga lodzaza maswiti, mazenera ojambulidwa ndi zoyerayera. Ati ana ake amusowetsa nako mtendere, akufuna kotero pa Khirisimasi, koma kwa opanga makeke a m'tauni mtengo wake wamuthamangitsa. "Inu mayi mumaphika bwino, simungayese?" Alamu, omwe chibadwire sanabwezepo ndalama, anayankha kuti zimenezo n'zazing'ono. Analandira theka la mtengo pompo n'kumangirira pa chitenje.

Madzulo ake ndinaitanitsidwa. "Alamu, inu ndinu a nyuzi, mumamva zambiri. Tatifufuzireni kuti chinthu chimenechi amachimanga bwanji." Ine ngakhale chigumu sindinaphikepo, koma pamaso pa mlamu mwamuna sagwetsa nkhope. Ndinavomera.

Chinthuchi pa Chingerezi amati gingerbread house, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Germany. Mu mzinda wa Nuremberg anthu akhala akuphika mabisiketi a uchi ndi zonunkhiritsa, omwe iwo amati Lebkuchen, kuyambira zaka za m'ma 1300. Mzindawu unali pa mphambano ya misewu ya amalonda, kotero jinja, sinamoni ndi tsabola zochokera ku Asia zinkatsikira pamenepo monga katundu amatsikira mu Limbe muno, pomwe nkhalango zozungulira zinali zodzaza ndi oweta njuchi. Uchi pafupi, jinja pamsika, geni inabadwa. Kuyambira 1996 dzina lakuti Nürnberger Lebkuchen ndi lotetezedwa ndi lamulo la European Union. Ukaphikira kunja kwa mzindawo sungalilembe pa paketi yako, ngakhale ako atakoma chotani.

Za kanyumbako zinatchuka pambuyo pa 1812, chaka chimene anthu awiri apachibale, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anasindikiza buku la nthano momwe muli ya Hansel ndi Gretel. Awa ndi ana amene anatayidwa m'nkhalango nthawi ya njala n'kupeza nyumba ya buledi, denga la keke, mazenera a shuga, mwini wake ali mfiti yodya ana. Taonani inu, nthano ya njala ndi ufiti kusanduka chokongoletsera Khirisimasi! Ku Bergen m'dziko la Norway, kuyambira 1991 ana a sukulu ndi makolo awo amamanga mzinda wathunthu wa tinyumba totere, matchalitchi ndi sitima zomwe. Zonsezi ndinawawerengera alamu. Iwo anangoti, "Ngati ana a sukulu amatha, nanga ine?"

Loweruka m'mawa tinalowa mu msika kukagula zofunika. Jinja sanavute, amayi ogulitsa zokometsera ndiwo ali naye wopera kale. Chenjerani pogula: ena amasokoneza mayina, iwe ukuti jinja iwo akukuyezera chikasu chothira mu mpunga chija. Nunkhizani kaye, jinja weniweni amalasa m'mphuno. Sinamoni tinamupeza m'sitolo. Chimene chinaluma ndi fulawa, majarini, uchi ndi shuga wosalala uja wa makeke amene pa paketi amalemba icing sugar. A geni nonse mukudziwa kuti chigwetsereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha tirigu, yemwe wambiri amachokera kunja, sichigwirika. Theka lija linathera pomwepo, alamu n'kuonjezera ndalama yogulira fulawa wa masikono a Lolemba.

Muyezo umene tinatsata ndi uwu, kwa ofuna kuyesa. Makapu 3 a fulawa, theka la kapu ya majarini, theka la kapu ya shuga wa bulauni, theka la kapu ya uchi, dzira limodzi, supuni yaikulu ya jinja, supuni ya tiyi ya sinamoni, inanso ya soda, ndi kamchere. Majarini, shuga ndi uchi mumasungunula pa moto wochepa, zikazizira n'kuswera dzira, kenaka zouma zonse. Mtanda wake umakhala wolimba, osati wotanuka ngati wa mandasi, ndipo umafuna kupuma ola limodzi pozizira. Ife furiji tilibe, tinauika mu poto n'kukhazika m'beseni la madzi a mu mtsuko.

Pulani ya nyumba ndinajambula ine pa katoni yakale: zipupa ziwiri za masentimita 15 mulitali ndi 10 msinkhu, ziwiri zosongoka za 10 mulifupi zokwera mpaka 15 pansonga, ndi malata awiri a 17 kwa 9. Alamu anaphwatalitsa mtanda ndi botolo mpaka kuchindikala theka la sentimita, n'kumadula ndi mpeni motsata katoni. Mabuku amati moto ukhale madigiri 180, koma uvuni wa njerwa wa masikono ulibe manambala. Alamu amawaza kafulawa pa thireyi: kakamafiira pang'onopang'ono moto uli bwino, kakada msanga dikirani. Patatha mphindi 12 fungo linadzaza loko yonse, ana a maneba n'kuyamba kusuzumira pa mpanda ngati kuli chinkhoswe.

Pomanga ndi pamene panaoneka kuti ndife alendo pa ntchitoyi. Simenti yake ndi choyera cha dzira limodzi, makapu 2 a shuga wosalala uja ndi madontho a ndimu, kutakasa mpaka supuni iime yokha. Tinathira mu kajumbo koboola pangodya n'kumafinya m'mbali mwa zipupa. Chipupa ichi ukachiimika, icho chikupendekeka. Tinachita kuchirikiza ndi makapu ndi chitini cha mkaka. Achimwene, omwe ndi mmisiri wa nyumba zenizeni, anaima pakhomo manja kumbuyo. "Kodi inu, munaona kuti nyumba yofolera tsiku lomwe mwaimika zipupa?" Sitinawamvere. Pofika 9 koloko usiku denga linali pamwamba, maswiti ndi mtedza wokazinga zitamatidwa bwinobwino. Kunena zoona inakongola. Tinaisiya pa tebulo n'kukagona ndi mtima woti ntchito yatha.

Pakati pa usiku mvula inayamba, ndipo inachezera.

Kutacha tinapeza denga litalowa m'kati, chipupa chimodzi chitagona chagada, zotsalazo zili wedewede ngati buledi wonyika mu tiyi. Nyerere zinali zitandanda kuchokera pansi mpaka pa tebulo ngati magalimoto pa mzere wa petulo. Alamu sanalankhule. Anangokhala pa mpando dzanja patsaya. Ndalama ya mwini wake yadyedwa, ya masikono yapita, ya ku banki m'khonde ikudikira sabata yomweyo, ndipo kasitomala akubwera Lachiwiri. Pa msika mbiri imathamanga kuposa minibasi. Mayi mmodzi akangonena kuti uje anandidyera ndalama, benchi yako imazizira mwezi wathunthu.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba ya achimwene sidontha, ndiye dontho la mvula silinagwere pa tebulopo ngakhale limodzi. Chinagwetsa kanyumbako ndi chinyezi. Ogulitsa mchere mukudziwa momwe umanyowera wokha nthawi ya dzinja ngakhale uli pansi pa pepala. Shuga ndi uchi nazonso zimakoka madzi a mu mpweya chimodzimodzi. Ku Germany ndi ku Norway, Disembala ndi mwezi wozizira koopsa, m'nyumba amatenthetsa usana ndi usiku ndipo mpweya wake umakhala wouma, kotero kanyumba kamaima masabata angapo osasuntha. Kwathu kuno Khirisimasi imagwa pakati pa mvula. Tinatengera chithunzi, nyengo yake osaitengera.

Cholakwa chachiwiri chinali mu mtanda. Dzira, soda ndi majarini wambiri zimapangitsa bisiketi kufufuma ndi kufewa. M'kamwa zimenezo n'zabwino, koma pa chipupa ayi. Achimwene anatola chidutswa, n'kuchifinya ndi zala, n'kupukusa mutu. "Mwamangira zidina. Nyumba ya m'dzinja imafuna njerwa zowotcha." Atatero anapisa m'thumba n'kuwabwereka akazi awo ndalama ya fulawa wina, poopa kuti angapite kwa a katapila.

Lolemba pa 23 tinayambiranso. Dzira tinachotsa, soda kungotsina pang'ono, majarini kuchepetsa, n'kumadonthezera madzi mpaka mtanda kugwirana. Tinawotcha pa moto wofatsa kupitirira mphindi 20, n'kuwongola m'mbali ndi mpeni zikadali zotentha, chifukwa zikazizira zimathetheka. Moto utazilala tinazibwezeranso mu uvuni kuti ziumiretu. Ukagogoda ndi chala zinkalira ngati thabwa.

Simenti nayonso tinasintha. Tinasungunula shuga wamba mu chiwaya, popanda madzi, mpaka kusanduka wofiirira, n'kumaviika m'mbali mwa zipupa n'kulumikiza. Ameneyu amagwira mphindi isanathe, ndipo sakhululuka ukalakwitsa. Koma abale, samalani naye. Madzi amawira pa madigiri 100, shuga wosungunuka amafika cha m'ma 160, ndipo akakugwera amakakamira pakhungu. Chipsera chili pa chala changa chachikulu ndi mboni. Ana akhale kutali, beseni la madzi ozizira likhale pafupi. Zoyerayera zija tinangozisiyira kujambula zitseko ndi kumatira maswiti, ndipo poti muli dzira laliwisi, tinasankha latsopano lopanda mng'alu. Denga tinaika patapita maola atatu, achimwene akuyang'anira ngati folomani. Itatha tinailowetsa m'chidebe chachikulu cha pulasitiki n'kutseka kwambiri, miyendo ya tebulo ili m'zitini za madzi kuti nyerere zione msana wa njira.

Lachiwiri m'mawa alamu anakwera minibasi chidebe chili pamiyendo, atachikumbatira ngati khanda. Kondakitala anafuna kuchilipiritsa ngati katundu. Atamutsegulira pang'ono kuti aone, anaiwala za ndalamazo n'kuyamba kumuuza dalaivala kuti azipewa maenje.

Mwini wake anachedwa ndi ola lathunthu, ndipo ola limenelo ndi limene linatitsegula maso. Alamu anaika kanyumbako pa benchi, anthu n'kuyamba kuunjikana. Wina akufunsa ngati n'kodyedwa, wina akujambula, wina akuti n'zamatsenga. Pambali pake panali botolo la mabisiketi amene tinadula ndi kukamwa kwa tambula kuchokera ku zotsala za mtanda wa Loweruka, wofewa uja unatigwetsera nyumba. Aliyense wobwera kudzaona ankachoka ndi awiri kapena atatu. Isanakwane 12 koloko botolo linali mbee, ndipo ena ankafunsa ngati mawa "majinja" akhalaponso. Mayi uja atafika anadandaula pang'ono kuti kachepa poyerekeza ndi ka pa foni, koma analipira yotsala yonse.

Usiku tinakhala pansi ndi pensulo. Nyumbayo inadya mitanda iwiri, shuga wa makeke, maswiti, nkhuni ndi masiku awiri amene alamu sanaphike masikono. Titachotsa ngongole ya achimwene, chotsala sichikanagula ngakhale nkhuku ya Khirisimasi. Ngakhale ikanapanda kugwa, mtengo umene alamu anatchula tsiku loyamba lija unali wongoponya, sanawerengere nthawi yawo. Pomwe mtanda womwewo umene umamanga kanyumba kamodzi umatulutsa mabisiketi oposa 40, opsa pa mphindi 10, osafuna pulani kapena folomani. Ndipo mukawatsekera bwino m'botolo amatha sabata ali bwinobwino, pamene mandasi akagona tsiku limodzi kasitomala amayamba kukwinya nkhope.

Ine ndikuona kwanga, kanyumbako ndi chikwangwani choitanira anthu, ndalama ili m'botolo. Wina akakuodani nyumba musakane, koma muwerengere masiku anu mu mtengo, ndalama yoyamba ikwanire zogula zonse, ndipo mumange kutatsala tsiku limodzi basi kuti mwini wake atenge.

Mabwinja a nyumba yoyamba sanatayidwe. Alamu anakutumula nyerere, n'kubwezera zidutswazo mu uvuni pang'ono, ana a pa loko n'kumaliza ntchito yonse mphindi zisanu zisanathe, denga ndi chitseko chomwe.

Mu Januwale 2025 mayi uja anabweranso pa benchi. Ati mwana wake akukwanitsa zaka 6 ndipo tsopano akufuna nyumba yosanja, ya khonde ndi galaja. Alamu anamuyang'ana, n'kuyang'ana mitambo ya ku Bangwe, n'kumuuza kuti abwere ndi ndalama yonse, ndi chidebe chake.